Kompyuta m'kalasi ya fizikisi ku koleji: imathandiza pati ndipo imasocheretsa pati

Pali chinthu chomwe aliyense amene waphunzitsapo fizikisi ya chaka choyamba ku koleji amachidziwa, kungoti ambiri safuna kuchinena mokweza. Wophunzira atha kukhoza mayeso bwinobwino, mafomula onse ali m'mutu, masamu akuyenda ngati madzi, koma ukangomufunsa funso lopanda manambala amayankha ngati munthu amene sanalowepo m'kalasi. Mwachitsanzo mufunseni kuti chilole chachikulu chawombana ndi kagalimoto kakang'ono, ndi iti mwa ziwirizi yomwe yakankha inzake ndi mphamvu zambiri? Ambiri amati chilole, ndipo amayankha motsimikiza ndithu, pomwe dzulo lomwe analemba lamulo lachitatu la Newton mu kope, loti mphamvu ziwirizo ndi zofanana ndendende. Lamulolo lili mu kope koma mumtima mwake akukhulupirira zina. Ndiye tikamakamba za makompyuta pa fizikisi, funso langa limakhala limodzi basi, kodi makinawa akufika pa zomwe wophunzira amakhulupirira mumtimazo kapena angobwera kudzakongoletsa kalasi.

Nkhaniyi ili ndi umboni wake. M'chaka cha 1992 David Hestenes ndi anzake awiri, Malcolm Wells ndi Gregg Swackhamer, anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, omwe panopa ali ndi mafunso 30 osankha yankho, opanda kuwerengera kulikonse, ongofunsa za kayendedwe ka zinthu ndi mphamvu zomwe zimazikankha kapena kuzikoka. Mayankho olakwika omwe anaikamo sanangowapeka ayi, anawatenga kwa ophunzira enieni, nchifukwa chake amakopa kwambiri. Eric Mazur wa ku Harvard atapereka mafunso a mtundu umenewu kwa ophunzira ake, omwe anali anthu anzeru zedi, wina anamufunsa kuti kodi tiyankhe malinga ndi zomwe mwatiphunzitsa kapena malinga ndi mmene timaganizira masiku onse? Funso limenelo likunena zonse. Kenako mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira opitirira 6,000 a m'makosi 62 nkuona kuti pa zomwe munthu sankadziwa poyamba, wapezapo zochuluka bwanji pofika kumapeto. M'makalasi omwe lekichala amangoyankhula ena akulemba, anapeza 0.23, pomwe m'makalasi omwe ophunzira ankachita nawo zinthu, kukambirana, kulosera, kutsutsana, anapeza 0.48. Kuti zimveke bwino tinene kuti munthu wayamba ndi 40 pa 100, ndiye kuti watsala ndi 60, kalasi yongomvetsera imamufikitsa cha ku ma 54 pomwe inayo imamufikitsa cha ku ma 69. Onetsetsani kuti Hake sankayerekeza kalasi ya makompyuta ndi yopanda makompyuta ayi, ankayerekeza kaphunzitsidwe, ndipo ichi nchomwe anthu ogula zipangizo amakonda kuiwala.

Ganizo loti kompyuta iziphunzitsa si la lero. Ku University of Illinois anayamba dongosolo la PLATO mu 1960 pansi pa Donald Bitzer ndipo fizikisi inali imodzi mwa maphunziro omwe anaikamo. Koma phunziro lomwe ine ndimaliona kuti nlofunika kwambiri linachokera ku Rensselaer Polytechnic Institute, komwe mu 1993 anayambitsa zomwe ankazitcha Studio Physics, makalasi ang'onoang'ono, makompyuta patebulo, lekichala osayankhula nthawi yaitali, chilichonse chooneka chamakono. Karen Cummings ndi anzake atadzayeza mu 1999 anapeza kuti kumvetsa kwa ophunzira sikunasiyane kwenikweni ndi kwa kalasi yakale ija. Chipinda chinasintha, zipangizo zinasintha, koma ntchito zomwe ophunzira ankapatsidwa zinali zomwe zija zakale atangozisamutsira pa sikirini. Atalowetsamo ntchito zokonzedwa dala kuti zigunde maganizo olakwika aja mpamene zotsatira zinakwera.

Tsopano tione malo omwe kompyuta imachita zinthu zomwe choko ndi bolodi sizingathe. Koyamba ndi ku labu. Ronald Thornton wa ku Tufts, David Sokoloff wa ku University of Oregon ndi Priscilla Laws wa ku Dickinson College ndi ena mwa anthu omwe anakankha kwambiri nkhani yolumikiza masensa, tizipangizo toyezera zinthu, ku kompyuta kuyambira zaka za m'ma 1980. Kachipangizo kotchuka kwambiri ndi kaja koyeza mtunda ndi phokoso, kamatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu, phokosolo likagunda chinthu nkubwerera, ndiye popeza liwiro la phokoso mumpweya timalidziwa, pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kompyuta imawerengera kuti chinthucho chili patali bwanji, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ntchito yake imakhala chonchi. Pa sikirini pali galafu yojambulidwa kale ya mtunda ndi nthawi, mzere ukukwera pang'onopang'ono, kenako wagona, kenako watsika mwamsanga. Wophunzira amauzidwa kuti ima kutsogolo kwa sensa, yenda mpaka mzere wako ugwirizane ndi umenewu. Amayamba kuyenda, mzere wake ukujambulika pomwepo iye akuyenda, pofika pamene galafu yagona ambiri amapitirizabe kuyenda mofatsa poganiza kuti mzere wogona ukutanthauza kuyenda pamalo a fulati, ndiye amaona mzere wawo ukukwerabe, anzake kumbuyo akukuwa kuti ima, ima! Akaima mzere umagona. Pamenepo thupi lake lamva kuti mzere wogona pa galafu ya mtunda ukutanthauza kuti chinthu chaima, ndipo galafu si chithunzi cha njira yomwe wadutsa. Ukamupatsa galafu ya liwiro zimavutanso kwambiri poti tsopano mzere wogona ukufuna kuti ayende osasintha liwiro, ndipo kuti mzere upite pansi pa ziro ayenera kubwerera kumene wachokera.

Chinsinsi chake ndi nthawi. Kale umayeza ndi wotchi, kulemba manambala, kukajambula galafu madzulo kapena mawa lake, pofika pamenepo unaiwala kale kuti chinthu chomwe unkayezacho chinayenda bwanji. Heather Brasell anayesa zimenezi mu 1987 ndipo anapeza kuti kungochedwetsa galafu ndi masekondi 20 mpaka 30 chabe kumachotsa phindu lalikulu la njirayi. Maso ayenera kuona chinthu chikuyenda ndi mzere ukukula nthawi imodzi.

Koma ngakhale pamenepo pali china choyenera kuchitika kaye, ndicho kulosera. Catherine Crouch, Mazur ndi anzawo anaonetsa mu 2004 kuti ophunzira omwe amangoonerera chionetsero cha lekichala samvetsa kuposa kwenikweni omwe sanachione nkomwe, koma omwe anauzidwa kuti ayambe alosera zomwe zichitike amamvetsa bwino. Ndipo nzomveka, munthu amene walemba papepala kuti mpira wolemera uyamba kufika pansi, akaona yonse ikufika limodzi zimamukhudza, amafuna kudziwa kuti walakwa pati. Amene sanalosere amangogwedeza mutu nkumapita, nthawi zina mpaka amakumbukira kuti anaona zomwe iye ankayembekezera. Choncho lekichala amene amatsegula pulogalamu nkumasewera nayo yekha kutsogolo ana akuonerera, wataya mbali yofunika kwambiri.

Masiku ano masensa ambiri ali kale m'thumba. Foni yamakono ili ndi sensa yoyeza kusintha kwa liwiro, ina yoyeza kutembenuka, ina ya maginito, maikolofoni, kamera. Pulogalamu ya phyphox yomwe inapangidwa ku RWTH Aachen University ku Germany nkutuluka mu 2016 ndi yaulere ndipo imakutsegulira masensa onsewo, utha kuimangirira foni pa chingwe nkuipanga pendulamu, kapena kukwera nayo mu lifiti nkuona galafu ikudumpha ponyamuka ndi poima. Palinso Tracker ya Douglas Brown, yaulerenso, umajambula vidiyo ya mpira woponyedwa, nkumadina pa mpirawo chithunzi ndi chithunzi, pamapeto pake umaona wekha kuti liwiro lopita kutsogolo silikusintha kwenikweni pomwe lopita m'mwamba likuchepa ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Ubwino wa izi ndi woti mpirawo ndi weniweni, waponya ndiwe, palibe amene angati kompyuta yapeka.

Kenako pali masimuleshoni, mapulogalamu otsanzira pa sikirini zomwe zimachitika m'chilengedwe, omwe anthu ambiri akamva za kompyuta pa fizikisi amaganiza za iwowo. Otchuka kwambiri ndi a PhET a ku University of Colorado Boulder, omwe Carl Wieman anayambitsa mu 2002 atalandira mphoto ya Nobel mu 2001, ndipo ndalama za mphotoyo zinathandiza kuyambitsa ntchitoyi. Ndi aulere ndipo utha kuwatsitsa nkumagwiritsa ntchito popanda intaneti. Mphamvu yawo ili pa kuonetsa zosaoneka. Pa waya weniweni suona kanthu, umangoona babu layaka kapena silinayake, ndiye ophunzira ambiri amakhala ndi ganizo loti magetsi amatuluka mu batire nkukathera mu babu, moti waya wobwerera umanyamula ochepa. Mu simuleshoni timadontho ta ma electron timaoneka tikuyenda mu waya yense nthawi imodzi, tolowa mu babu ndi totuluka tili tofanana, ukadula waya paliponse tonse timaima. Noah Finkelstein ndi anzake anayesa izi mu 2005, gulu lina linagwiritsa ntchito simuleshoni, lina mawaya ndi mababu enieni, ndipo a simuleshoni anachita bwino pa mafunso a kumvetsa, komanso chodabwitsa nchoti atapatsidwa zipangizo zenizeni kuti alumikize anamaliza msanga kuposa anzawo aja. Utha kuzimitsanso kukhulana kwa zinthu, kuchotsa mpweya, kusamutsa chilichonse kupita pa mwezi, kuchedwetsa nthawi kuti uone funde likubwerera pa khoma. Pa quantum mechanics, fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono ngati ma electron, ndiye nkosasimbika, chifukwa palibe labu ya chaka choyamba yomwe ingakuonetse funde la electron likudutsa chotchinga.

Apa mpamene ndimafuna tisamale kwambiri. Simuleshoni imachita zomwe wolemba pulogalamu anaiuza, basi. Ngati analembamo lamulo lachiwiri la Newton, lonena za mmene mphamvu imasinthira liwiro la chinthu, idzamvera lamulo lachiwiri la Newton mpaka kalekale, ndiye wophunzira akalemba mu lipoti kuti tatsimikiza lamulo la Newton pogwiritsa ntchito simuleshoni, sanatsimikize kanthu, wangopeza zomwe munthu wina anaikamo. Fizikisi ndi sayansi yofunsa chilengedwe, ndipo chilengedwe chimayankha ndi manambala osayera bwino, uyeza kasanu upeza mayankho asanu osiyana pang'ono, waya wina sukugwira, tebulo lapendekeka, wotchi wadina mochedwa. Kudziwa kuti muyeso wako ungaukhulupirire mpaka pati ndi theka la ntchito ya wasayansi ndipo sikirini yoyera bwino siingakuphunzitse zimenezo. Timadontho ta ma electron tija natonso ndi chithunzi chongothandiza, mu waya weniweni ma electron amasuntha pang'onopang'ono kwambiri, osafika ngakhale milimita imodzi pa sekondi nthawi zambiri, ndipo sayenda pa mzere mwadongosolo chonchija. Lekichala wabwino amanena zimenezi poyera. Koleji yomwe ikutseka labu poti yapeza masimuleshoni ikuwabera ophunzira ake, ndipo pamenepa sindikayika.

Mbali yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse, ndipo ndikuona kuti ndi yomwe imasintha fizikisi yeniyeniyo osati kaphunzitsidwe kokha, ndi pamene wophunzira alemba yekha pulogalamu. Taganizani chifukwa chake mafunso a m'mabuku amadzaza ndi mawu oti tiyerekeze kuti palibe mpweya, tiyerekeze kuti chingwe chilibe kulemera, tiyerekeze kuti pendulamu yagwedezeka pang'ono chabe. Chifukwa chake nchoti masamu a pensulo amathera pamenepo. Ndiye wophunzira amakula akuganiza kuti fizikisi ndi mulu wa mafomula, iliyonse ya vuto lake, pomwe zoona zake nzoti lamulo ndi limodzi lokha, kungoti timalidula mapiko kuti likwane papepala. Kompyuta imachotsa malire amenewo ndi njira yosavuta kwambiri. Umadula nthawi m'tizidutswa ting'onoting'ono, pa kachidutswa kalikonse umafunsa kuti mphamvu yomwe ikugwira chinthuchi pano ndi yotani, mphamvuyo isintha liwiro bwanji, liwirolo lisuntha chinthucho mpaka pati, ukatero umabwereza.

Tiyeni tichite ndi manambala. Mwala wagwetsedwa, kachidutswa ka nthawi ndi 0.1 sekondi. Pa sitepe yoyamba liwiro likuchoka pa 0 kufika mamita 0.98 pa sekondi, mwala watsika mamita 0.098. Sitepe yachiwiri liwiro 1.96, watsikanso 0.196, zonse pamodzi 0.294. Ukapitiriza mpaka masitepe 10, kutanthauza sekondi imodzi, upeza kuti watsika mamita 5.39. Koma fomula ya m'buku ikuti 4.9. Apa wophunzira amadabwa, kodi kompyuta yalakwa? Umamuuza kuti chepetsa kachidutswa kaja kakhale 0.01, abwereze masitepe 100, yankho likubwera 4.949. Achepetsenso, likuyandikirabe 4.9. Pamenepo waona ndi maso ake chomwe calculus imatanthauza ikamati kachidutswa kakuyandikira ziro, chinthu chomwe mwina anachiloweza chaka chonse osachimva. Ndipo zimenezi sizifuna pulogalamu yapamwamba, ngakhale mu Excel zimatheka, mizere itatu yokokera pansi basi.

Tsopano kukoma kwake nkuti. Onjezani mzere umodzi wokha woti mpweya ukukankha mobweza, ndipo kukankhako kumakula liwiro likamakula. Pa pepala vutoli limafuna masamu omwe wa chaka choyamba sanafikepo, koma mu pulogalamu ndi mzere umodzi, ndipo galafu ya liwiro yomwe inkangokwera imayamba kupindika mpaka kugona, chinthu chafika pa liwiro lomwe sichingapitirire, monga zimakhalira ndi munthu wodumpha mu ndege asanatsegule parachuti, yemwe amathera cha pa makilomita 200 pa ola. Sinthani mphamvuyo ikhale ya sipuling'i, mwapeza kugwedezeka. Ikhale yokoka ya dzuwa, mwapeza pulaneti ikuzungulira. Ikani pulaneti ina kuti zinthu zikhale zitatu, mwalowa mu vuto lomwe lilibe fomula imodzi yolithetsa, koma pulogalamu yomwe ija ikuyendabe. Pendulamu ija fomula ya m'buku imagwira bwino ukaikoka pang'ono, koma ukaikoka mpaka madigiri 90 nthawi yake imatalika ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo wophunzira atha kuzipeza yekha nkukayeza ndi chingwe chenicheni kuti aone ngati nzoona. Ruth Chabay ndi Bruce Sherwood anamanga kosi yonse ya chaka choyamba pa ganizo limeneli, pogwiritsa ntchito VPython, yomwe David Scherer anayamba ku Carnegie Mellon mu 2000, imene imakulola kulemba mizere yochepa ya Python, chinenero cholembera mapulogalamu, nkuona mpira ukuyenda pa sikirini. Bungwe la aphunzitsi a fizikisi ku America, AAPT, linatulutsa malangizo mu 2016 oti kuwerengera ndi kompyuta kulowe m'maphunziro a digiri yoyamba, ndipo University of Oslo ndi imodzi mwa zomwe zinachita izi kuyambira chaka choyamba.

Pulogalamu yolemba wekha ili ndi ubwino wina womwe simuleshoni ya eni ilibe, imalakwa pamaso pako. Ukasokoneza chizindikiro cha mphamvu, kulemba + m'malo mwa -, pulaneti imathawa dzuwa m'malo mozungulira. Ukagwiritsa ntchito njira ya Euler yosakonza, kusuntha chinthu ndi liwiro lakale usanalisinthe, pulaneti imazungulira ikutalikira pang'onopang'ono ngati ikupeza energy kuchokera kopanda kanthu, koma ukangosinthanitsa mizere iwiriyo kuti liwiro liyambe kusintha chinthu chisanasunthe, njira yomwe Alan Cromer anaifotokoza mu 1981, imakhazikika. Wophunzira amene wadutsa pamenepa sadzakhulupiriranso nambala chifukwa choti yatuluka mu kompyuta, adzayamba kufunsa ngati energy yasungika, ngati yankho likusintha akachepetsa sitepe. Edward Lorenz anatulukira khalidwe la chisokonezo m'machitidwe a nyengo mu 1961 chifukwa cha zoterezi, analowetsa 0.506 m'malo mwa 0.506127 ndipo zotsatira zinasiyana kotheratu patapita kanthawi.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka ndipo tisawanyoze. Semesita ndi yaifupi, ukaika mapulogalamu uyenera kuchotsa mutu wina. Wophunzira amene sanalembepo pulogalamu atha kutha ola lonse akulimbana ndi kachizindikiro ka koma (,) komwe kasowa, fizikisi osaiganiza nkomwe, nchifukwa chake aphunzitsi ambiri amapereka pulogalamu yoyenda kale koma yosowa mizere iwiri kapena itatu ya fizikisi kuti wophunzira aikemo yekha. Komanso masamu a pamanja akufunikabe, fomula imakuuza nthawi imodzi kuti ukatalikitsa chingwe kanayi nthawi ya pendulamu iwirikiza kawiri, pomwe kompyuta imakupatsa yankho la vuto limodzi lomwe waifunsa. Ndipo popanda yankho la pamanja la 4.9 lija, ukanadziwa bwanji kuti 5.39 ndi yolakwika?

Za homuweki ya pa intaneti ndinenepo mwachidule. Inayamba kalekale, pulogalamu ya CAPA ya ku Michigan State University ndi ya 1992, ndipo ubwino wake ndi woti aliyense amapatsidwa manambala ake, amadziwa pompo ngati wakhoza, lekichala wa kalasi ya anthu mazana sakhala usiku wonse akuchonga. Kuipa kwake nkoti makina amaona nambala yomaliza yokha, saona kaganizidwe, ndiye ena amangosinthasintha mafomula mpaka itavomera. Gulu la David Pritchard ku MIT linapeza mu 2010 kuti omwe ankakopera mayankho pafupipafupi ankalephera kwambiri pamapeto. Kubwera kwa ChatGPT mu 2022 kwakulitsa vutoli poti tsopano yankho limabwera ndi kufotokoza komwe, kooneka bwino ngakhale pomwe lalakwa. Njira yomwe ndikuona ikugwira ndi kusuntha kulemera kwa magiredi kupita ku zomwe munthu akuchita pamaso pako, afotokoze mzere wa pulogalamu yake, alosere kuti galafu isintha bwanji ukawirikiza kulemera kwa mpira, asanadine batani.

Kuvota m'kalasi nakonso nkwabwino, lekichala amafunsa funso ngati la chilole lija, aliyense amavota pa foni kapena pa kachipangizo, zotsatira zikagawanika amawauza kuti tembenukira kwa mnzako amene wasankha zosiyana nawe umugonjetse ndi mfundo, kenako avotenso, ndipo kawirikawiri yankho lolondola limakwera lekichala asanafotokoze kanthu. Iyi ndi njira ya Mazur uja. Koma imathekanso ndi makadi a mapepala olembedwa A, B, C, D, makina amangofulumizitsa kuwerenga ndi kubisa amene wavota chiyani kuti amanyazi asatsatire gulu.

Kwa dipatimenti yomwe ikufuna kuyamba, ndalama zambiri sizikufunika pa mapulogalamu poti PhET, Tracker, phyphox ndi Python zonse nzaulere, ndipo kompyuta imodzi pa ophunzira atatu nthawi zambiri imaposa aliyense kukhala ndi yake chifukwa atatu amakangana pa zomwe akuona. Chomwe chimadya nthawi ndi kukonza mafunso, kuphunzitsa othandizira mu labu kuti asamalande mbewa ya kompyuta nkumuchitira wophunzira, ndi kupirira madandaulo a masabata oyamba, poti ophunzira omwe anazolowera kulemba manotsi amaona ngati sakuphunzitsidwa akauzidwa kuti aganize okha. Ndipo muyeze. Perekani mafunso 30 aja sabata yoyamba, muwaperekenso sabata yomaliza, muwerengere ngati mmene anachitira Hake, chaka chamawa musinthe chinthu chimodzi nkuyezanso.